Sipuni Yokulungidwa Mphira

Kodi mungalote kuti sipuni imene mwana wa telala anaphunzirira kudya yekha inali ya yani?

Telalayo anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu wobadwa ndi vuto la otizimu. Mwanayo sankalankhula, ndipo zala zake zinkakana kugwira zinthu zing'onozing'ono. Tsiku lina akudya kwa alamu, mlongo wa mwamuna wa telala, mwana anamwaza mpunga pansalu yapatebulo. Alamuwo anamukwatula sipuni.

"Mlamu, ameneyu mudzamudyetsa mpaka imvi. Ulendo wina muzimusiya kunyumba. Masipuni angawa ndi a alendo."

Anthu anaseka. Telala ananyamula mwana wake n'kubwerera kunyumba.

Lachiwiri lililonse ankasiya makina n'kupita naye kuchipatala, kuchipinda cha mpira waukulu. Mlangizi wa ana ankamugoneka mwanayo chafufumimba pampirapo kuti msana ndi mapewa zilimbe, kenako ankamuphunzitsa kupana mapegi oyanikira zovala m'mphepete mwa katoni. Mwezi wachitatu, telala anatulutsa sipuni m'chikwama.

"Tili nawo apulasitiki opepuka, mayi," anatero mlangizi.

"Ayi adokotala, aphunzirire yomweyi."

Mlangizi anakulunga chogwirira chake ndi mphira kuti chinenepe, akuseka. "Mmene mwaigwiriramu ngati mpeni! Anakulakwirani ndani?"

"Inu phunzitsani mwana basi."

Anayamba ndi kutapa nyemba zouma kuchokera m'mbale ina kupita m'mbale ina. Masiku ena mwana ankaiponya kukhoma n'kutseka makutu, akulira. Telala ankaitola, n'kudikira mtima wa mwana utsike, n'kuyambiranso.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, anatulukira kwa alamu osaitanidwa, nthawi ya nkhomaliro, alendo ali thothotho. Anamukhazika mwana moyang'anizana ndi mwini nyumba. Mwana anagwira sipuni yake, natapa mpunga, naufikitsa pakamwa, akung'ung'udza kanyimbo kake. Anadya pang'onopang'ono mpaka mbale inayera. Telala sanayang'ane mwana ngakhale kamodzi, maso ake anali pa alamu, amene chakudya chinawazizirira m'mbale.

Kenako telala anasenda mphira uja, napukuta sipuniyo, naiika pambali pa mbale ya alamu.

"Yagwira ntchito yake, mlamu. Awerengeni, tsopano akwana."

Inali ya alamu omwewo, ija anaikwatula m'manja mwa mwana, imene anakhala akuifunafuna kuyambira tsiku lija telala anaibisa m'chikwama pochoka.