Phiri Pakhomo la Bambo

Chikuku chinabwerera chambuyo kachitatu, ndipo mmisiri anachigwira chitatsala pang'ono kugubuduza bambo ake. Mkuluyo, amene anafa miyendo chaka chatha, anali wefuwefu.

"Ndikufuna kumalowa m'nyumba mwanga ndekha," anatero bambowo, "osati kunyamulidwa ngati thumba la simenti."

Mmisiri zinamupweteka. Zaka makumi awiri akumangira anthu nyumba, koma potsetsereka pakhomo la bambo ake omwe n'kumukanika! Anapamanga poyeza ndi diso, monga mwa masiku onse.

Mkazi wake, telala, anasiya makina natuluka tepi ili m'khosi, choko kumanja.

"Amisiri, diso lanulo lakalamba. Tagwirani tepi apa."

Analemba kadontho pakhomo, kena pamene simenti inathera pansi.

"Kuchokera pansi kufika pakhomo ndi masentimita 30. Kuchokera pakhoma kufika apa ndi 120. Gawani 30 ndi 120, mupeza kota. Ndiye kuti pa masentimita anayi alionse, bambo akukwera imodzi. Kuchipatala paja anati imodzi pa 12. Mwawamangira phiri!"

"Masamu amenewa munawatola kuti?" anafunsa mmisiri.

"M'kalasi momwe inu munkasinza muja."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Mayiyo anachulukitsa 30 ndi 12, napeza 360, n'kuyamba kuyeza kuchokera pakhoma, tepi yake yaifupiyo akuisuntha katatu. Kadontho komaliza kanagwera pakati penipeni pa bedi lake la tomato, amene anamuthirira miyezi iwiri ndipo anali atayamba kupsa.

"Ayi, apongozi," anatero bambo, "tomato wanuyo musiyeni. Ndizolowera."

"Tingathe kudulako pang'ono," mmisiri anayesa kunyengerera. "Mwina 300."

"Manja a bambo sadziwa kunenerera mtengo," anayankha mkaziyo. Anawerama nazula tsinde loyamba, kenaka lachiwiri, osacheuka n'komwe.

Mmisiri anamuyang'anitsitsa. Koma mkazi ameneyu! Anamunyadira mpaka manyazi a diso lake aja anatha, ndipo anapita kukatenga piki.

Simenti yatsopano itauma, bambo anakana kuti wina agwire chikuku. Anakankha mateyala pang'onopang'ono, milomo ataluma, kudutsa pamene panali tomato, mpaka khomo analipitirira. Ali m'katimo anatembenuka, nawayang'ana awiriwo.

"Muno ndi mwanga, odi munena liti?" anafunsa, n'kudzitsekera okha chitseko.