Tiyi wa Agogo a Pawindo

M'wodi ya amuna munali mabedi khumi ndi awiri, ndipo bedi lililonse linali ndi wodwazika wake, kupatula la pawindo. Pamenepo pankagona nkhalamba ina imene onse ankangoitchula kuti Agogo a Pawindo. Anthu odutsa anawatola atagwa pamsewu, mimba itatupa ngati ya mayi woyembekezera. Wachibale sanabwerepo ndi mmodzi yemwe.

Pabedi loyandikana nalo panali dalaivala wina wothyoka mwendo, ndipo amene ankamudwazika anali mkazi wake. Mayiyu sankayenda wopanda fulasiki yofiira, mpaka wodi yonse inamupatsa dzina loti Amayi a Fulasiki. Anali munthu wopemphera, koma wa mapemphero apansipansi. Tsiku loyamba lomwelo anaona agogo aja akuyang'ana kapu ya mwamuna wake, kenako n'kutembenukira kukhoma. Anatsuka kapu yachiwiri osafunsa munthu. Kutchalitchi anaphunzira kuti wanjala safunsidwa kwawo, ndipo iye zimenezo anazitenga mmene zinalili.

"Mkazi wanga wapeza banja lina," ankatero dalaivala uja, mwendo uli lende pachingwe. "Agogo, muzindisiyirako shuga. Ine ndiye ndinayamba."

"Mwati chiyani?"

"Ndati mwandilanda mkazi!"

"Eya, musadandaule. Ndikubwezerani ndikachira," agogo ankayankha, akuseka ndi nkhama zokhazokha.

Sabata ziwiri zinatha choncho. Mayi uja ankawasambitsa kumsana, kuwawenga zikhadabo, kuwachapira malaya awo amodzi omwewo n'kuwayanika pawaya kuseri kwa wodi.

Adokotala ochita opaleshoni ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera kuchipatala chachikulu. Lachiwiri masana anamwino anauza agogo kuti mawa ndi tsiku lawo, asadyenso kanthu dzuwa likalowa, ngakhale madzi. Agogo anagwedeza mutu monga ankachitira pa chilichonse chimene sanamve. Dalaivala anali mtulo ndi mankhwala. Mkazi wake anali atapita kunyumba kukaona ana. Anamwino anamata pepala kumutu kwa bedi n'kupita kwa odwala ena.

Mayi uja anafika Lachitatu m'mawa ndithu. Anapeza agogo milomo itachita kusweka.

"Mwana wanga, dzulo andidumpha," anatero. "Anzanga onse anadya ine ndikuyang'ana. Ndalakwa chiyani?"

Mtima wake unawawa. Pepala analiona, koma pabedi pamakhala mapepala ambiri, ndipo iye ankadziwa kuti ndi a madokotala. Sankawagwira, sankawawerenga. Anatsegula fulasiki, n'kuthira tiyi wamkaka, n'kunyika buledi. Agogo anamaliza magawo atatu, n'kupempha lachinayi.

Posakhalitsa anamwino anabwera akukankha machira. Anaona kapu. Anaona nyenyeswa pachifuwa cha agogo.

"Ndani wawapatsa?"

"Ndine. Anagona ndi njala."

"Mayo! Mayi, mwachita chiyani?" Anamwino anakanganula pepala lija n'kumuonetsa pafupi ndi mphuno. "Munthu akadya sagonekedwa ndi mankhwala. Akhoza kusanza ali mtulo, zonse n'kulowa m'mapapo."

"Ndiye tidikire zigayike."

"Adokotala anyamuka masana. Ali ndi anthu asanu ndi anayi."

Mayi uja anathamangira kuchipinda cha opaleshoni. Anaima pachitseko m'mawa wonse, fulasiki ili m'manja chifukwa anaiwala kuisiya. Adokotala atatuluka anawagwadira pakhonde pomwepo.

"Bambo, cholakwa ndi changa, si chawo. Chonde."

Adokotala anali otopa, maso ali psuu. Sanakalipe. Anati galimoto ikuwadikira, ndipo chipatala china chili ndi mzere wake. "Mwezi wamawa ndiyambira iwowo. Muwasunge ndi mphamvu."

Atabwerera m'wodi, odwazika anzake anayang'ana kumbali. Mwamuna wake anayesa nthabwala: "Nanga ukati upikisane ndi adokotala..." koma ataona nkhope yake anaisiyira panjira.

Agogo okha ndi amene analibe nkhawa. "Tiyi wa lero anali bwino kuposa masiku onse," anatero.

Dalaivala anatulutsidwa patapita sabata. Mkazi wake sanasiye kubwera. Ankamukonzera zonse m'mawa, kumuikira ndodo pafupi, n'kukwera basi.

"Wodwala wako ndili pano," mwamunayo anadandaula tsiku lina. "Kodi ameneyo ndi bambo ako?"

"Alibe munthu."

"Ndiye unalakwitsa kamodzi, basi ufere pomwepo?"

Mayi uja anatenga chikwama chake. Anatseka fulasiki n'kutuluka. Mawa lake anapeza mwamunayo atamuikira lezala latsopano m'chikwama, loti akawametere agogo ndevu.

Koma agogo ankatha. Magawo atatu a buledi anasanduka awiri, kenako limodzi, kenako tiyi yekha wa pasupuni. Mimba inkakula, mikono ikusanduka timitengo. Mayi uja ankapemphera ali chiimire pasinki, akutsuka kapu. Mawu analibe ambiri. Ankangoti, "Ambuye, muwafikitse pa Lachitatu lija."

Agogo anafikadi pa tsikulo. Ulendo uno mayi uja pepala analimata yekha, ndipo anakhala pambali pa bedi ngati mlonda. Fulasiki anaibisa m'chikwama pansi pa bedi.

"Mwana wanga, madzi."

"Pirirani, agogo. Adokotala akubwera."

"Kadontho chabe."

"Ayi."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Nawenso wasintha?" anafunsa.

Iye analuma mlomo n'kuyang'ana panja. Mayi wina wodwazika mwana wake anabwera ndi botolo la madzi, koma iye anamubweza ndi dzanja. Anangonyowetsa kansalu n'kuwapukuta pamphumi. Agogo anayesa kukayamwa kansaluko, iye n'kukachotsa.

Adokotala anasunga mawu awo. Anayambira pawindo. Anapsinya mimba, n'kumvetsera pachifuwa, n'kutsegula zikope za agogo. Anawerenga mapepala kawiri. Kenako anamuitanira mayi uja pakhonde, pamalo pomwe anagwada paja.

"Sitingathe. Mtima wawo sungapirire mankhwala ogonetsa. Chotupacho chafalikira."

"Mukanachita mwezi wathawu?"

Adokotala anayang'ana pansi. "Sindingadziwe, mayi. Mwina inde, mwina ayi. Ndikananena china ndikanakunamizani."

Machira anadutsa atanyamula munthu wina, ndipo adokotala anawatsatira.

Anamwino, omwe aja anamukalipira, anabwera n'kumatula pepala pabedi. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba. "Tsopano apatseni chilichonse chimene angafune," anatero motsitsa mawu.

Mayi uja anatulutsa fulasiki. Tiyi anali akadali wofunda. Anathira shuga masupuni atatu monga ankakondera, n'kuwakweza mutu ndi dzanja lamanzere. Agogo anamwa supuni imodzi. Yachiwiri inatsikira m'ndevu.

"Aja ati chiyani?" anafunsa.

"Ati mumwe tiyi."

"Adokotala abwino amenewo," agogo anatero, n'kutseka maso.

Iye anawapukuta kuchibwano n'kudzazanso supuni. Anaigwira pafupi ndi milomo yawo, akudikira kuti atsegule.