Matuza pa Mwendo wa Thanki

"Musapake penti pa dzimbiri," anatero a Malizani, mmisiri wakale wa pa esiteti, tsiku lomwe anyamata anakwera nsanja ya thanki ya madzi. "Palani chitsulo chiwale, muyambe ndi penti wofiira woteteza uja, mudikirenso chiperoni chithe. Penti ndi khungu. Akatsekera chinyezi m'kati, chitsulo chimadyeka mwakachetechete."

Akapitawo anaseka. "Madala, alendo oyendera esiteti afika Lachisanu. Mukufuna adzaone zofiirirazi?"

Anyamata anapaka wobiriwira pa chitsulo chonyowa, alendo anayamikira, nkupita. Mmodzi wa opakawo anali Everson, mwamuna wa Teleza.

Thankiyo inaima ndi miyendo inayi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mthunzi wake unkagwa pakhonde pomwe Mwai, mwana wawo, ankakwawira. Teleza anali asanaiwale za ku Fomu 3, kuti madzi ndi mpweya zikafika pa chitsulo, dzimbiri silichedwa. Pochokera kothyola tiyi ankayamba wazungulira miyendoyo. Mwayi wake, pampu inafa, thanki nkukhala yopepuka, yopanda madzi, miyezi isanu ndi umodzi.

Mvula itayamba, penti anatupa matuza. Tsiku lina madzulo Teleza anaboola limodzi ndi chikhadabo. Munatuluka madzi ofiirira, chitsulo nkuyoyoka ngati chikhokho.

"Bambo a Mwai, tabwerani."

"Iwe ndi mantha akowo! Watupa ndi penti chabe."

Teleza anatenga supuni ya mwana, nkukankha chogwirira chake pamwendopo. Chinalowa chonse.

Everson anayang'anitsitsa bowolo. Kenako anati, "Pampu aikonza lero. Ayatsa mawa m'bandakucha."

"Kawauzeni akapitawo."

"Ndikati chiyani? Kuti ndinapaka ndine? Ntchito ithere pomwepo?"

Teleza anabereka Mwai, nkupita yekha. Anawapeza akapitawo akupukuta njinga.

"Mayi, uinjiniya munauyamba liti? Thanki yowala ngati yatsopano imeneyi! Inu zanu ndi tiyi."

Pobwerera anagogoda nyumba ziwiri zoyandikana nawo kuti awachenjeze. Mayi wina anangoti, "Mulungu alipo, achemwali," nkupitiriza kusadzula ndiwo.

Dzuwa linali likulowa m'minda ya tiyi, thanki ikunyezimira bwinobwino. Teleza anayala chitenje, nayikapo matewera ndi kabuku ka kusikelo.

"Ukupita kuti?" anafunsa Everson.

"Kwa amayi ku Luchenza. Inu khalani ndi penti wanuyo. Pampu ikamalira, ine ndi mwanayu tikhala tili pamsewu."