Mng'alu pa Nkhope ya Amayi Maria

Felister ankakonza zipinda pa hotela ina pafupi ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Corniche, kudziko lakunja kumene anapita kukagwira ntchito. M'mawa wina, akupukuta tebulo m'chipinda cha mlendo wochokera ku Italy, chigongono chake chinagunda kachithunzi ka Amayi Maria kojambulidwa pathabwa, ndipo kanagwa pansi. Atakatola, anaona mng'alu wochokera pachipumi mpaka pachibwano.

Anakumbukira supavaiza wawo, amene akakwiya ankangoti, "Khalas, basi zatha, bwerera kwanu."

Posakhalitsa mwini chipinda, mayi wachikulire dzina lake Ornella, analowa.

"Madamu, pepani, ndakuwonongerani chithunzi," anatero Felister.

Mayiwo anavala magalasi, nkuyang'anitsitsa, kenako anaseka. "Takhudza pamenepo, mwana wanga."

Felister anayendetsapo chala. Panali posalala.

"Mng'aluwu ndi wojambula chabe," anatero mayiwo. "Chithunzi chenicheni chili pakhoma la basilika, tchalitchi chachikulu chakwathu, chimene chinamangidwa zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Amisiri ankachita kumata timiyala tagolide kamodzikamodzi. Chivomezi chitagwetsa denga, khomalo linatsala chiimire, koma litang'aluka chonchi. Makolo athu pomanganso tchalitchicho anakana kubisa chipseracho."

Felister anayang'ananso kachithunzi kaja. Anangokhala pabedi limene anali atangoyala kumene, nkuseka mpaka misozi.

"Ndiye anthu amapempherabe mmenemo?" anafunsa akudzipukuta m'maso.

"Ine ndinabatizidwira momwemo," anayankha mayiwo, nkukhala pambali pake, nkuyamba kumuonetsa pafoni zipilala ndi guwa la tchalitchicho.