Chitosi Choyenda

Agulugufe ali dziko lonse, koma wa m'mapiri a John Crow ku Jamaica alibe mnzake. Akatambasula mapiko ake akuda ndi achikasu amaphimba dzanja la munthu wamkulu, ndi zala zomwe. Kunyadanso ndiye usanene. Kuderali mazira ake saikira paliponse, koma pa masamba a mtengo wa mahowe womera m'mbali mwa madzi.

Mitengo yotere inalipo inayi kumunsi kwa munda wa Aston Pryce. Mkazi wake, Icilda, sankalola munthu kuikhudza. M'mawa uliwonse ankatsikira kumtsinje kukatembenuza masamba, n'kubwerako ndi matope m'miyendo. Aston sanafunsepo chimene ankafuna kumeneko.

Icilda anamwalira mu Epulo. Atatha masiku asanu ndi anayi a maliro, achibale anatembenuza matiresi n'kusesa m'nyumba kuti mzimu upite, kenako anabalalika. Aston sanalire. Ankangodya chimene wapatsidwa, osamva n'komwe mchere.

Tsiku lina Linford, mchimwene wa Icilda, anafika ndi zikwanje ziwiri.

"Alamu, mumera mizu pakhondepo. Tiyeni tikagwetse mitengo ija, pachinyezi paja tibzalepo koko."

"Tiyeni."

"Osakana? Achemwali akanatithira madzi otentha."

"Kulibe."

Kumtsinje, Aston anagwira nthambi kuti aidule. Pa tsamba lina panali chitosi cha mbalame. Atati achipukute ndi chala, chitosicho chinasuntha, n'kuyamba kudya tsambalo.

"Linford, chitosi chikudya."

"Mwalawirira botolo, alamu?" Linford anasuzumira n'kuseka. "Ndi mbozi ya gulugufe wamkulu uja. Imaoneka ngati chitosi kuti mbalame ziziinyansidwa. Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, achemwali sanakuuzeni?"

"Sindinafunse."

Aston anatembenuza tsamba lina, kenako linanso. Anapeza mbozi zisanu. Anaima n'kudikira kuti mwina mumtima mumveka kanthu, koma munali zii.

"Tikudula kapena tabwera kudzaona zitosi?" anafunsa Linford.

"Koko tikabzala kumtunda."

"Kumtunda n'kouma. Akafota."

"Afote."

Linford anapukusa mutu, n'kutenga zikwanje zonse ziwiri.

M'mawa mwake Aston anatsikiranso kumtsinje. Mbozi zinatsala zinayi. Anafufuza tsamba ndi tsamba mpaka dzuwa kufika pamutu, koma yachisanu sanaione. Anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde, matope akuuma m'miyendo.