Belo Lomwe Linabwerera ku Mwazisi

Belo la fodya linabwera Lachinayi masana, pa lole yomwe ija inalitenga. Dalaivala anangoligubuduzira pansi pa mtengo wa mango pomwe kalabu imakumanira. Anati ku okushoni ku Mzuzu alikana, ndipo akadzapezanso lina lotere, nambala ya kalabu yonse idzafafanizidwa.

Alimi khumi ndi awiri a kalabuyo ankagulitsa fodya wawo pa nambala imodzi. Akalakwa mmodzi, onse amalira.

Phoebe anaima kumbuyo ndi amayi anzake pamene abambo ankatumbula chiguduli. Beloli linali la pakhomo pa apongozi ake, a Hezron, mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri. Pamwamba panali fodya wokongola, amene Phoebe yemwe anasankha m'chigafa mpaka msana kuuma. Koma abambowo atachotsa mizere itatu, kunatuluka fungo loti anthu anabwerera m'mbuyo. Timitolo towola, tochita chuku, tonyowa. Pakati penipeni panali njerwa ziwiri.

"Tipemphere kaye," anatero a Hezron, akuvula chipewa.

Anapemphera pemphero lalitali, lopempha Mulungu kuti aulule zobisika. Atangoti ameni, anatembenukira kwa Amock, tenanti wawo wa ku Phalombe, amene ankakhala kuseri kwa chigafa ndi mkazi ndi ana anayi. Iye ndiye ankadinda mabelo pa jeke.

"Njerwazi, Amock," anatero a Gordon, wapampando wa kalabu, "umati ogula fodya akamangire nyumba?"

Ena anaseka. Amock sanaseke, anatembenukira kwa a Hezron.

"Bwana, ine ndinadinda mabelo asanu. Ili ndinalipeza losokasoka, tsiku lija munandituma ku Bolero."

"Wandikhumudwitsa chomene," anatero a Hezron mofatsa. "Ndinakulandira ngati mwana."

Mlandu wa tenanti suchedwa. Anagamula kuti pofika Loweruka Amock akhale atachoka, ndipo gawo lake la fodya alisiye. Chaka chathunthu cha thukuta chinathera pomwepo, ndipo panalibe amene anafunsa kuti ana anayiwo akadya chiyani panjira ya ku Phalombe.

Kamtolo kamodzi kowola kanali katagwera pafupi ndi mapazi a Phoebe. Anakatola kuti akataye, koma maso ake anakodwa pamutu pake. Pomanga kamtolo ka fodya munthu amatenga tsamba limodzi, kulipinda, kulikulunga kumutu n'kulisomeka pakati. Aliyense amakulunga chopita kutsogolo. Aka kanali kokulungidwa chobwerera.

Anatola kena. Chobwerera. Kenanso. Chobwerera.

Mamangidwe amenewo Phoebe ankawadziwa. Zaka zitatu anakhala m'chigafa chimodzi ndi manja omanga chotero, ndipo pakhomo ponse wamanzere anali mmodzi yekha. Munthu amene anayenda wapansi mtunda wautali kukabweza khasu lomwe anatenga molakwitsa kumanda. Munthu amene m'mawa uliwonse ankawasonkhanitsa pakhonde kuti apemphere asanagwire tsamba. Phoebe anayang'ana a Hezron. Anali ataima phee, chipewa chili m'dzanja lamanzere, nkhope ngati ali pamaliro a mnzawo.

Tsiku lomwe anafika kuchokera kwawo ku Dedza, anamulangiza kuti kuno mkamwana sayankhula pabwalo pamene pali apongozi ake aamuna, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Mwamuna wake Stanley anali ku Joni. Akathamangitsidwa pakhomopo, womuyankhulira panalibe.

Anasuntha phazi. A Muriel, apongozi ake aakazi, anamugwira chitenje.

"Khala pansi, mkamwana," ananong'ona. Anali asanaone ngakhale zomwe zinali m'manja mwake. Phoebe anazindikira kuti mayiyo akudziwa, ndipo izi zinamubaya kuposa njerwa zija.

Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. Anapita kukagwada patsogolo pa a Gordon.

"Yewo, a wapampando. Ine zambiri ndilibe. Ndingopempha a Amock amange kamtolo kamodzi, tonse tikuona."

"Nanga tayamba sukulu ya fodya?" anatero a Gordon. Koma anakodola Amock.

Amock anatenga masamba n'kumanga. Phoebe anaika kamtoloko pansi, pambali pake n'kuikapo kowola kaja, mitu itayang'ana kumodzi.

A Gordon anakulira m'fodya. Anawerama, nayang'ana, ndipo nthabwala zinawathera. Abambo ena anayandikira mmodzimmodzi. Panalibe amene anayang'ana nkhope ya a Hezron. Onse ankayang'ana dzanja logwira chipewa.

"Mkamwana," anatero a Hezron, "ukundiyesa ine?"

"Adada, sindinatchule dzina la munthu."

Phoebe anali atatola masamba ena, ndipo sanawabweze. Anawapereka ndi manja awiri, maso ali pansi, monga amaperekera madzi osamba m'manja.

A Hezron anawalandira. Anayesa kukulunga ndi dzanja lamanja. Tsamba linatsetsereka, masamba n'kumwazika pafumbi. Anawatola okha. Kenako anamanga ndi lamanzere, mofulumira, mwaukhondo, monga amachitira masiku onse. Anaika kamtoloko pambali pa kowola kaja.

"Ndine," anatero. "Chigafa chinadontha, fodya anawola. Ndinati palibe angaone." Anatembenuka. "Amock, undikhululukire."

Amock anangokhala pansi pafumbi, nagwira mutu.

Loweruka linafika, Amock sanachoke. A Muriel anasiya kuyankha moni wa Phoebe, ndipo mtondo umene ankasinjira limodzi anaulowetsa m'nyumba. Lamulungu a Hezron sanakwere kutsogolo kumene amakhala akulu a mpingo. Anakhala pabenchi yakumbuyo, pamodzi ndi odulidwa mgonero, mpingo wonse ukucheuka.

Lolemba m'mawa Phoebe analowa m'chigafa osadziwa ngati akadali ndi malo. Anapeza a Hezron atayamba kale kufika, mpeni uli m'manja, ataima pafupi ndi mabelo odikira lole. Anafuna kubwerera.

"Usapatuke, mkamwana. Itana Amock, mubwere nonse."

Awiriwo atabwera, mkuluyo analoza mabelo awiri a pakona.

"Palinso awa," anatero.

Phoebe anayang'ana pakonapo. Tsono belo lobwezedwa lija silinali lokha. Amock anayang'ana mabelowo, nayang'ana bwana wake.

A Hezron anadula ulusi woyamba, fungo lija n'kudzaza m'chigafa. Phoebe anamanga chitenje, nakokera kampando kake pafupi, ndipo atatuwo anayamba kusankha.