Mmene Tinawadzutsira a Lameki Pamphasa

Uthenga unandipeza kwathu ku Simlemba ndili pamtondo: "Azakhali fulumirani, abambo akutha." Anatumiza ndi Nedson, mwana wa alongo anga a Lameki a ku Lisasadzi. Ndinasiya munsi pomwepo, ndinamanga kamtolo, khadi lachipani ndinalimangirira pansonga ya chitenje kuti asanditsitse m'basi, ulendo.

Ine ndine Malita. Sukulu ndinalekezera Sabu B chifukwa aphunzitsi ndi ine tinkalimbirana kulankhula. Koma maso ndili nawo, ndipo zimene ndinakaona kumeneko ndi zimene ndikufuna mumve.

Ndinapeza pakhomo pali zii ngati maliro achitika kale. Ana anawaletsa kusewera pabwalo. Wailesi anaitsekera m'bokosi. Mkazi wa Nedson, dzina lake Dailes, anandilandira mtolo akunong'ona.

"Mukunong'oneranji, mwaba mbuzi?" ndinafunsa.

"Azakhali tsitsani mawu," anatero Nedson. "Abambo akupumula."

Anandifotokozera kuti nthawi yamvula a Lameki anadwala chibayo. Anagonekedwa kuchipatala cha ku boma, anachira, anawatulutsa. Atafika kunyumba, Nedson anawayalira mphasa m'kanyumba kawo nati, "Abambo, mwavutika mokwanira. Gonani, ife tikuchitirani zonse." Khasu anawalanda. Ndodo yawo anaibisa kudenga kuti asayese kutuluka n'kugwa. Tsopano mvula inali itatha, fodya ali m'chigafa, koma iwo anali asanapondenso panja.

"Akudya?" ndinafunsa.

"Kwambiri," anayankha Dailes. "Mbale imabwera yoyera mbee."

"Umawaona akudya?"

Anadzigwira pakamwa. "Azakhali! Ine ndilowe m'nyumba mwa apongozi?"

Sanalakwe mwanayo. Kwathu kuno mkazi salowa mogona apongozi ake aamuna, ndipo sawayang'ana akudya. Dailes ankagwada pakhomo, n'kukankhira mbale mkati, n'kuchoka. Nedson ankalawirira kuchigafa, kubwera madzulo atatopa. Mlamu wanga, mkazi wa a Lameki, anatisiya kalekale. Choncho amene ankadziwa zochitika m'kanyumba kaja panalibe.

Ine ndi mlongo wawo, sindiopa chitseko. Ndinalowa.

A Lameki, mwamuna amene ankanyamula thumba la fetereza ngati pilo, anali atatha. Miyendo inali ngati timitengo topachikapo fodya. Koma ndinadziwa kuti ndikalira, iwonso angogonja.

"Achimwene," ndinatero, "mwafa kale kapena ndidikire? Ndasiya mphale pamtondo."

Anatsegula diso limodzi. "Malita. Ndinamva phokoso kumsewu, ndimayesa thirakitala."

"Pakamwa pokha mpamoyo, eti?"

Posakhalitsa Dailes anagwada pakhomo n'kukankha mbale. Anali atapha nkhuku chifukwa cha ine mlendo, ndipo monga mwa ulemu, nthutumba ndi khosi anaikira mwini khomo, a Lameki. A Lameki anadikira kuti mapazi ake apite patali. Kenako analiza kamluzu. Kuseri kwa chitseko kunatuluka galu, ndipo sindinaonepo galu wonenepa chonchija. Ubweya waliwali, khosi lopindikapindika ngati la mwini esiteti. Anameza nthutumba ija, n'kumalizanso nsima, n'kunyambita mbale.

"Ooo," ndinatero. "Ndiye wodwala amene akuchira ndi ameneyu."

"Usanene," anatero a Lameki. Anandionetsa m'kamwa. Mano otsala anali atatalikirana ngati anthu odana. "Nyama sinditha kutafuna. Nsima ikafika pano, njala yandithawa. Kudya wekha, ukuyang'ana khoma, sikukoma. Koma ndingawauze bwanji apongozi kuti chakudya chawo chandikanika? Amaphika ndi mtima wonse."

"Nanga madziwa? Chikho chadzaza fumbi."

"Ndikamwa ndifuna kutuluka. Ndivutitse Nedson?"

Apo ndinaona vuto lake. Dailes ankalemekeza apongozi, apongozi ankalemekeza Dailes, Nedson ankalemekeza bambo ake, ndipo pakati pa ulemu wonsewo munthu ankatha.

M'mawa mwake linali tsiku la sikelo. Galimoto yachipatala inaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, amayi atandanda ndi ana kumbuyo. Nane ndinalowa pamzere, manja lendelende. Namwino wake anali mayi wamtali woseka msanga, dzina lawo a Louisa.

"Agogo, mwana ali kuti?"

"Ndamusiya kunyumba. Ndi wamkulu pang'ono, ali ndi imvi. M'kabudula wa sikeloyu sangakwane."

Amayi onse anaseka, koma a Louisa anamvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto. Atamaliza ana, anatenga chikwama chawo tinapitira limodzi.

Anawamvetsera a Lameki m'chifuwa, anawamanga lamba pamkono kuyeza kuthamanga kwa magazi, anawapinda mawondo. Atawatembenuza anatiitana ine ndi Nedson. Pathako panali pofiira, khungu litayamba kunyuka.

"Ichi ndi chiyambi cha chilonda cha kugonera mbali imodzi," anatero. Kenako tinatuluka pakhonde kuti Dailes amve nawo.

"Chibayo chinatha," anatero a Louisa. "M'chifuwa muli bwino. Chimene chikuwamaliza bambowa ndi mphasa ndi njala."

Nedson anakwiya. "Amayi, ife abambo timawasamala. Sitiwalola kugwira ngakhale tsache."

"Ndikuona kuti mumawakonda, ndipo nanenso kale ndinkaganiza ngati inu. Koma posachedwa tinali kumaphunziro, ndipo anatifotokozera zimene madokotala ofufuza za anthu okalamba apeza. Munthu wamkulu akangogona osayenda, mphamvu za m'miyendo zimatha msanga kwambiri, kuposa mmene zimathera mwa mnyamata. Akafooka amaopa kugwa, akaopa amagonabe, akagona amafookeratu. Anapezanso kuti okalamba amadya bwino akakhala pagulu, ndiponso samva ludzu msanga ngakhale thupi likufuna madzi."

Nditaulula za galu, Dailes anafunda chitenje kumaso n'kuyamba kulira. "Ndiye nkhuku zonse zija ndimaphera galu?"

"Usalire mwanawe," ndinatero. "Ukadzakalamba galu ameneyu adzakusunga."

Anaseka misozi ili m'masaya. A Louisa anamugwira paphewa. "Sindikuti muleke ulemu. M'nyumba mwa apongozi musalowe ngati mwambo sukulola. Koma pakhale wina woona ndi maso ake kuti adya. Muziwaphikira zofewa: phala lothira nsinjiro, mazira, chipere cha nyemba, usipa wosinja, nthochi. Pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Madzi kapena thobwa muziwapatsa osadikira kuti apemphe."

"Nanga kuyendako?" anafunsa Nedson. "Akagwa?"

"Musawakokere panja lero lomwe. Ayambe kukhala tsonga, miyendo ili pansi. Chizungulire chikatha, aime mutawagwira. Mawa sitepe pang'ono, mkuja kuwonjezera. Ndodo yawo abwezereni. Chotsani miyala ndi zingwe m'njira yopita kuchimbudzi. Akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, apumule ndipo mubwere nawo kuchipatala. Koma chachikulu, apatseni chifukwa chodzukira. Munthu sadzukira khoma."

Kunena n'kosavuta. Tsiku loyamba tinawakhazika tsonga, mutu unazungulira, anagonanso. Tsiku lotsatira anakaniratu.

"Ndisiyeni," anatero. "Miyendo yanga inatsogola kale kumanda. Ine ndikungotsatira."

Phala ankadya ndikakhala nawo, koma za kudzuka ayi. Nedson anayamba kugwa mphwayi. "Azakhali, mwina tingowasiya. Tikuwazunza."

Ine ndinakhala pansi n'kuganiza. Mlongo wangayu ndinakula naye, ndikudziwa pomwe pamamuyabwa. A Lameki akhoza kukukhululukira ukawatukwana, koma osati ukawaonongera fodya. Pa Lisasadzi ponse ankadziwika pa kusankha fodya wa chikopa. Tsamba ankangoligwira ndi zala n'kudziwa mulu wake, ndipo fodya wawo ankapita kumsika wa Adimaki atasanjika ngati zovala za mkwati.

Ndinatuma Nedson kuti anditengere mtolo wa fodya kuchigafa. Ndinasiya chitseko cha a Lameki chotsegula, n'kukhala pakhonde pomwe akanandiona bwino. Ndinayamba kusankha, ndikuyimba nyimbo zimene tinkavina kumsonkhano wa amayi. Tsamba lalitali ndinaliphatikiza ndi lalifupi. Lakuda bwino ndinaliika pamodzi ndi lobiriwira. Long'ambika ndinaliika pamwamba penipeni, n'kumanga kamtolo kopindika ngati mchira wa nkhumba.

"Nedson!" ndinakuwa. "Taona luso la azakhali ako! Chaka chino fodya yense ndisankha ndine."

M'nyumba munamveka kutsokomola.

Ndinatenga tsamba lokongola kuposa onse, lalitali, lonona, n'kuliponya pamulu wa zinyenyeswa.

"Malita!"

"Gonani achimwene, musadzivute."

"Tsamba limenelo libwezere!"

"Liti? Ili? Ndimati ndikolezere moto."

"Nedson! Mfiti iyi ikumaliza fodya! Tandigwira!"

Nedson anathamangira mkati. Ndinamva kubuula, kenako kukwekwereza kwa mapazi. Nditacheuka, a Lameki anali pakhomo, dzanja lina pakhosi pa mwana wawo, lina pa mphuthu ya chitseko, miyendo ikunjenjemera, maso ali psuu. Dzuwa linawathobwa m'maso. Dailes, amene anali patali pafupi ndi nkhokwe, anagwetsa lichero.

Tinawakhazika pampando. Anandilanda fodya uja n'kuyamba kumasula timitolo tanga, akung'ung'udza. Zala zinkanjenjemera koma sizinaiwale. Ndinawaikira chikho cha thobwa pambali, ndipo anachimaliza osadziwa, ali kalikiliki kunditukwana.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse fodya ndinkamuika patsogolo pang'ono. Lero pakhonde, kenako pansi pa mtengo wa pabwalo, kenako pafupi ndi khola. A Lameki ankatsatira ndi ndodo yawo.

"Ukuyesa sindikuona zimene ukuchita?" anandifunsa tsiku lina. "Ukundikoka ngati nkhuku ndi chimanga."

"Nanga mukubwereranji?"

"Ndikupulumutsa fodya."

Sikuti zonse zinayenda myaa. Tsiku lina mwendo unawagonja, anakhala pansi mwadzidzidzi pafupi ndi khola, chigongono chinasupuka. Nedson anafuna kuwabwezera pamphasa. Ndinakana, koma nanenso mantha anandigwira, choncho tinawapumitsa n'kutumiza mawu kwa a Louisa. Atabwera pa sikelo yotsatira anawayeza, anati fupa lili bwino. Anaona kuti ankayenda ndi nkhwaira zakutha zomwe zinkawakola, anati azivala nsapato zogwira phazi. Chilonda chija anapeza chitauma.

"Pitirizani," anatero. "Kugwa kamodzi si chifukwa chogonera chaka."

Atafika poyenda mpaka kuchigafa, anayamba kudyera komweko pamodzi ndi Nedson ndi amuna ena osankha fodya. Kumeneko nkhani zinali mbwee, ndipo munthu amene ankati njala yamuthawa anayamba kuyang'ana m'mbale za anzake. Dailes sanasiye ulemu wake. Ankabweretsa chakudya n'kugwada patali. Apongozi akenso sanamuyang'ane kumaso. Ankangoyang'ana kudenga la chigafa n'kunena mokweza kuti, "Nedson, ukawauze amene aphika chiperechi kuti mawa asachepetse." Dailes ankabwerera kukhitchini akumwetulira yekha.

Ana anayambanso kusewera pabwalo, ndipo agogo awo ndiwo ankaweruza milandu ya phada.

Fodya atapita kumsika, ndinati ndibwerere kwathu, nkhuku zanga zisandiiwale. M'mawa ndikumanga mtolo, ndinapeza a Lameki avala jekete lawo lakutchalitchi, ndodo ili m'manja.

"Mukupita kuti achimwene?"

"Ndikukuperekeza kumsewu. Ndikufuna ndione ndi maso anga kuti wakweradi."

Tinayenda pang'onopang'ono, Nedson akutitsatira kumbuyo ndi mtolo. Panjira anapumula pachitsa, kenako anadzuka okha osagwiridwa. Anthu m'minda ankaimika makasu n'kumakuwa, "A Lameki! Mwadzuka?" Iwo ankangokweza ndodo.

Basi itatulukira patali, anandigwira dzanja. Sanaseke, sanalitaye msanga.

"Malita," anatero, "chaka chamawa ubwerenso nthawi yosankha."

"Kudzakuthandizani?"

"Ayi. Fodya wanga usadzamukhudzenso. Udzangokhala pomwepo uzidzalongolola."

Ndinakwera basi maso ali ndi misozi, ndipo ndinauza kondakitala kuti ndi fumbi.

Tsono inu amene mukusunga makolo okalamba, imvani kwa ine. Munthu wamkulu akadwala, mupititseni kuchipatala. Akachira, musamusunge pamphasa poganiza kuti ndi ulemu. Muthandizeni kudzuka ndi kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mupatseni chakudya chofewa chimene angathe kutafuna, madzi pafupipafupi, ndipo wina aone ndi maso kuti wadyadi. Asadye yekha, asakhale yekha. Musiyireni kantchito kamene amakadziwa ndi kukakonda. Ndipo mukakayika, funsani a zaumoyo. Kulemekeza wokalamba si kumulanda zonse m'manja, koma kumugwira dzanja kuti aimenso.